Sitima ya Kaputeni Mano

Nyumba ya ku South C ndimaikumbukira ndi fungo kuposa maonekedwe. Inkamveka polishi wofiira wa pansi, ndi kachinyezi ka m'makabati komwe sikankatha ngakhale dzuwa liombe bwanji. Inali imodzi mwa nyumba zofanana zondondozana ngati mano a chipeso: zipinda zogona pamwamba, pabalaza pansi, geti lachitsulo kumaso, ndi kabwalo ka simenti kumbuyo komwe amayi ankayanikapo zovala. Tindege ting'onoting'ono tinkadutsa pafupi ndi denga kuyambira m'mawa, ndipo mvula ikagwa msewu wathu unkasanduka dambo, anthu n'kumayenda nsapato zili m'manja. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mlongo wanga Thoko anali asanayambe n'komwe sukulu.

Chimene chinatichotsa ku Lilongwe chinali ntchito ya bambo. Anaipeza ku bungwe lina la mpingo lothandiza anthu othawa nkhondo, ndipo ofesi yake inali ku Nairobi. Koma kunena kuti bambo ankakhala ku Nairobi kungakhale kuwanamizira. Amene tinkakhala ku Nairobi tinali ife. Iwo ankangobwera kudzasintha malaya. Ankafika atapsa ndi dzuwa la kumpoto, fumbi lili m'makutu, n'kugona tsiku lathunthu ngati munthu wa malungo. Tikangoyamba kuzolowera nsapato zawo pakhomo, galimoto yoyera ya ku ofesi inkaliza hutala pageti. Sutikesi yawo sinkaikidwa n'komwe pamalo. Inkangokhala kuseri kwa chitseko, kukamwa kuli yasa.

Amayi kwathu anali namwino. Ku Kenya analibe chilolezo chogwirira ntchito, choncho anasanduka munthu wodikira. Ankadikira madzi abwere pampopi, ankadikira ine ndiweruke, ankadikira foni ya bambo yomwe inkamveka ngati munthu akulankhulira m'chitsime. Chiswahili chawo chinkathera pa kiyosiki ya pakona: sukuma, nyanya, maziwa, asante. Amalawi anzawo analipo, koma ankaonana nawo Lamulungu lokha pambuyo pa mapemphero, ndipo aliyense ankakhala kutsidya kwake kwa mzinda. Nthawi zambiri ndikabwera kusukulu ndinkawapeza akukolopa pansi poyera kale.

Kwa ine chinthu chachikulu m'dziko lonse la Kenya chinali wailesi ya kanema. Kwathu nthawi imeneyo kunalibe zoterezi, moti ndikangoweruka, yunifomu ndisanavule, ine ndi Thoko tinkakhala pansi pafupi kwambiri ndi galasi lake mpaka tiubweya ta pamikono kuimirira. Katuni yathu inali ya ng'ona yonenepa yovala chipewa chachikasu, yomwe inkaolotsa nyama pamtsinje ndi sitima yake yokutha. Nthabwala yake inali imodzimodzi tsiku lililonse. Nyama zonse zinkanjenjemera poganiza kuti ng'onayo izidya pakati pa mtsinje, pamene iyo inkangofuna kuti zikhale pansi bwinobwino ndi kusataya makoko a nthochi m'madzi. Munalinso mbuzi yodula matikiti yomwe inkadya matikitiwo, ndi bakha wokonza injini amene sankatha kusambira. Dzina lenileni la ng'onayo linali la Chingerezi chopotola lilime. Thoko anaitcha Kaputeni Mano, ndipo dzinalo linakhazikika m'nyumba mwathu, mpaka amayi omwe ankalitchula.

Tsiku lina bambo anabwera kuchokera ku msonkhano wa ku Ulaya, ulendo wokhawo umene ndikukumbukira atabwera opanda fumbi. Anatulutsa majuzi athu, chokoleti chosungunuka, kenako pansi penipeni pa sutikesi anasolola bokosi. Pachivundikiro pake panali sitima ya Kaputeni Mano, yomangidwa ndi tinjerwa ta pulasitiki tolumikizana tija, chumuni chofiira chili njo, mbuzi ili pakhomo, Kaputeni mwini wake ali pachiwongolero. Ndinali nditaionapo kamodzi pawindo la sitolo ina m'tauni, ndipo amayi atasuzumira mtengo wake anandikoka dzanja ngati ndaona zolaula. Tsopano inali patebulo pathu. Ndinaligwedeza bokosilo, m'kati n'kumveka ngati matalala pamalata.

"Ayi, ayi, Limbani, usatsegule," anatero bambo. "Ichi si chongothamangira. Chili ndi malangizo ake. Timanga limodzi, ine ndi iwe, ndikapeza tsiku labwino."

Tsiku labwinolo linayenera kukhala Loweruka. Loweruka kunabwera alendo a ku ofesi, anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Lamulungu linali la tchalitchi ndi tulo. Lolemba hutala inalira pageti. Asanatsike, bambo anakwera pampando n'kuika bokosi lija pamwamba pa wodirobu ya m'chipinda mwawo, nalikankhira kukhoma.

Ndikamaganiza lero, sindikhulupirira kuti ankandinamiza. Bambo anakulira ku Ntcheu, ndipo zidole zawo zinali magalimoto a mawaya ndi ng'ombe zadongo. Chidole cha m'sitolo anali asanachigwirepo. Mmene ankalisisitira bokosi lija ndi chikhatho, ndikuona kuti sanagulire ine ndekha. Ankafuna kudzakhalapo potsegula. Kungoti tsiku lawo labwino linali ngati mvula ya kutsidya, yoioneratu ikubwera koma yosafika pamunda pako.

Anabwera, anapita, anabweranso. Nthawi iliyonse ankayang'ana pamwamba pa wodirobu n'kunena kuti, "Ulendo uno wokha wandithina. Ukubwerawu." Ine ndinaphunzira kugona chagada pabedi la makolo anga masana, n'kumayang'ana ngodya ya bokosi yomwe inkaonekera, pomwe panali mchira wobiriwira wa Kaputeni. Fumbi linayamba kugwirapo. Katuni yomwe ija inayamba kundiwawa poionera.

Tsiku lomwe zinthu zinasintha linali la tchuthi, m'nyengo ya mvula yaitali ija. Kunja kunali kosatulukika, magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo Thoko anali ndi chifuwa, akungolira chilichonse. Foni inalira. Ndinamva amayi akuti, "Eya... eya... mpaka liti? ... Chabwino. Tili bwino, musadandaule." Anaika foniyo pansi mofatsa kwambiri, naima kanthawi akuyang'ana khoma. Kenako anakwera masitepe. Ndinamva mpando ukukokedwa pansi.

Anatsika ndi bokosi kukhwapa, lezala kudzanja.

"Tamverani nonse awiri," anatero. "Timanga. Tikatha tiphwasula, tibwezera mmene zinalili. Adadi anu asamve. Thoko, wamva?"

Thoko anagwedeza mutu, mamina ali pamlomo.

Anadula selotepi ya bokosilo ngati akuchotsa ulusi pabala la munthu. M'kati munali timatumba ta pulasitiki, ndipo nato anatichekera m'mphepete mwenimweni kuti tidzamatike bwino. Fungo lomwe linatuluka mmenemo sindinalimvenso kwina kulikonse: fungo la chinthu chatsopano chimene palibe dzanja linachikhudzapo. Amayi anatenga mbale zathu zodyera n'kuzindandalika patebulo, tofiira mbale yake, tobiriwira yake, ting'onoting'ono kwambiri m'kapu ya tiyi kuti Thoko asameze. Kabuku ka malangizo kanalibe mawu ngakhale amodzi, zithunzi ndi mivi basi. Amayi anakatembenuza uku ndi uku, n'kuseka pang'ono. "Koma abale. Chinthu choyamba m'dziko lino chosafuna Chiswahili."

Tinayambira pansi pa sitima. Kanjerwa kakalowa pamalo pake kankalira kuti kha, ndipo kulira kumeneko unkakumva m'chala usanakumve m'khutu. Ine ndinkathamanga, kudumpha masamba, n'kupezeka kuti khoma lina lapendama. Amayi sankathamanga. Ankaloza chithunzi ndi chikhadabo, kufunafuna m'mbale, kuyerekeza, kenako kha. Thoko ntchito yake inali kusunga Kaputeni, ndipo anamusunga m'kamwa mpaka amayi anamulanda. Mvula inkagwa, m'nyumba munali kamdima ka masana, tonse titaweramira patebulo pafupi ndi windo. Tsiku limenelo sitinadye chakudya chenicheni. Tinamwa tiyi ndi buledi, makapu tili nawo m'manja chifukwa mbale zonse zinali pantchito.

Titaika chumuni, amayi anabwerera m'mbuyo ndi mpando wawo n'kuiyang'ana sitimayo nthawi yaitali. Kenako anatenga mbuzi ija, naiimika pakhomo la sitima, n'kulankhula ndi mawu a m'mphuno ngati kondakitala wa matatu, minibasi za kumeneko: "Tauni, tauni, tauni! Wawili, wawili!" Thoko anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinawayang'ana amayi modabwa, chifukwa kuyambira pamene tinafika ku Nairobi ndinali ndisanawamve akuchita zachibwana.

Sitimayo inakhala pawindo la pabalaza mpaka bambo ataimba kuti akubwera. Ndiye kunali kuphwasula. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti tinjerwa tija tikagwirana sitifuna kusiyana. Tinagwiritsa ntchito zikhadabo, mpeni wa buledi, ndipo amayi akayang'ana kumbali, mano. Chilichonse chinabwerera m'kathumba kake, selotepi yatsopano pamwamba pa yakale, bokosi pamwamba pa wodirobu, mchira wa Kaputeni kuloza komwe unkaloza. Amayi anafika mpaka pofunsa ngati fumbi lija tingalibwezeretse.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. Hutala ikalira, tinkaima pageti kubayibitsa, galimoto ikangokhota pakona amayi ankati, "Limbani, katenge mpando." Ndikuvomera kuti panafika nthawi imene kulira kwa hutala sikunkandiwawanso ngati kale. Tinafika poimanga sitimayo osatsegula kabuku. Masiku ena ndikabwera kusukulu ndinkapeza amayi aisintha okha: chumuni chili pakati, kanyumba ka Kaputeni kali ndi khonde, kapena sitima yonse yasanduka chipatala chokhala ndi mabedi, bakha atagonekedwa. Pansi pa nyumba yathu panayamba kuoneka ngati pansi pa nyumba yokhala anthu.

Kenako bambo anabwera tsiku lina pa takisi, osati pa galimoto yoyera. Sanagone tsiku lathunthu ngati kale. Anakhala pabalaza ndi amayi akulankhula motsitsa, ndipo ine ndili pamasitepe ndinatolako mawu ochepa: thandizo laima, polojekiti yatsekedwa, chilolezo chokhalira m'dziko chitha posachedwa. Sindinamvetse zonse, koma ndinaona bambo akukhuthula sutikesi yawo mpaka pansi, n'kuitseka, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo. Anakwera pampando kuti aiike pamwamba pa wodirobu, ndipo kuti ipeze malo anayenera kutsitsa bokosi lija.

Anatsika nalo akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene wapeza kanthu kamodzi koti akonze.

"Limbani! Thoko! Lero ndi lero. Mayi a Limbani, tachotsani nsalu patebulopo."

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

Bambo anasamba m'manja. Anavala magalasi. Anadula selotepi ndi kampeni kawo ka pamakiyi, ndipo ngati anaona kuti inali yochindikala kuposa mmene sitolo imamatira, sananene kanthu. Anakhuthulira timatumba tonse pamodzi patebulo, mulu umodzi, ine mtima n'kundipweteka poona tofiira tasakanikirana ndi tobiriwira. Anatsegula kabuku n'kuyamba kundifotokozera mmene munthu amawerengera mivi. Ine ndinkati, "Eya, adadi," n'kumanamizira kufunafuna kanjerwa komwe ndinkakaona bwinobwino pafupi ndi chigongono chawo. Ntchito yonamizira kusadziwa ndi yolemetsa kuposa yophunzira. Amayi anaima pakhomo la kukhitchini ndi kansalu kopukutira mbale, akupukuta kapu imodzimodzi.

Zinayenda choncho mpaka bambo anatenga kanjerwa kokhota kakuda n'kukaika kutsogolo kwa sitima. Sikanalowe bwino. Anakakanikiza ndi chala chachikulu, kakana. Anakatembenuza, kakanabe. Thoko, yemwe nthawi yonseyi anali chete monga amayi anamulangizira, chibwano chili patebulo, sanathe kupirira.

"Adadi, si pamenepo. Kameneko n'ka kumbuyo. Amayi amakaika kumbuyo."

Kandege kanadutsa pamwamba pa denga, ndipo tonse tinakamvetsera mpaka kanazimiririka.

Bambo anavula magalasi. Anatola kanjerwa kena n'kukayandikitsa kumaso, ndipo ndinadziwa chomwe ankaona: tizipsera ta mano anga m'mphepete mwake. Anatola Kaputeni, yemwe chipewa chake chinali chitayamba kale kusuluka ndi malovu a Thoko. Kenako anayang'ana timatumba tija, tomatidwa ndi kumatidwanso.

"Mwakhala mukumanga?" anafunsa, osayang'ana munthu.

"Ndine ndinatsegula," anatero amayi. "Ana asakalipiridwe."

"Liti?"

"Nthawi zonse mukachoka, bambo a Limbani."

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Zikanakhala bwino akanakalipa. M'malo mwake anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu ndipo wavomereza kuti ndi woyenera. Anakankhira mulu wa tinjerwa kwa ife.

"Chabwino. Tamangani ndione."

Tinamanga. Amayi anakhala pansi, kansalu kali paphewa, ndipo manja athu anayamba kuyenda okha mmene anazolowerera, wina kupatsira wina osapempha. Kabuku kanali chitsekere pafupi ndi bambo. Sitinatenge nthawi. Sindinamangepo sitima ija mofulumira chonchija, ndipo sindinadanepo nayo ngati tsiku limenelo. Titaika chumuni, bambo anaomba m'manja kawiri, mwaulemu, mmene ankaombera kwaya ya mpingo wina ikaimba. "Mwachita bwino," anatero. Anatuluka kukaima kumbuyo, pakati pa zovala zoyanikidwa, manja ali m'thumba.

Masabata otsatira bambo ankavala tayi m'mawa uliwonse n'kukwera matatu kupita m'tauni kukaonana ndi anthu a mabungwe ena. Ankabwera masana, tayi itamasulidwa, nsapato zili matope. Za sitima panalibe amene ankazitchula. Inangokhala pawindo, ndipo amayi sanaikhudzenso.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza amayi ndi Thoko apita kumsika. Bambo anali okha patebulo, malaya a ku ofesi ali m'thupi, magalasi ali pamphuno. Sitima anali ataiphwasula yonse. Kabuku kanali kotsegula, atakatsamiritsa ku botolo la shuga, ndipo anali pa masamba oyambirira. Atandiona anachita ngati mwana wopezedwa ndi dzanja mumphika.

"Ndimangofuna ndione mmene imayendera," anatero.

Ndinaika chikwama pansi n'kukhala pambali pawo. Iwo ankaloza chithunzi, ine n'kufufuza kanjerwako n'kuwapatsa m'dzanja. Zala zawo zinali zazikulu, zouma, ndipo ting'onoting'ono tinkawapulumuka n'kugwera pansi pa tebulo, ine n'kukwawa kukatola. Pena ankalakwitsa, ine n'kuluma mlomo, mpaka okha ankazindikira patapita masamba angapo, n'kunena kuti, "Aaa, taona zomwe ndachita," n'kubwerera. Ankanunkhira thukuta la m'matatu ndi sopo wometera. Anandifunsa kuti bakhayu ntchito yake n'chiyani, ndipo nditawauza kuti ndi wokonza injini koma satha kusambira, anaseka mpaka kupukuta maso. "Ameneyo ndi ine," anatero. Sindinamvetse, koma ndinaseka nawo.

Tinachita zimenezi masana angapo. Sindingauze munthu kuti anali masiku osangalatsa, chifukwa m'nyumba munali nkhawa yoti ukanatha kuigwira ndi dzanja, ndipo makatoni anali atayamba kuunjikana pakona. Koma m'moyo wanga wonse, nthawi imene ndinakhala pafupi ndi bambo anga kwautali, phewa kukhudza phewa, popanda wina woyang'ana wotchi, ndi imeneyo. Zinatengera kuti ntchito iwathere.

Ntchito ina sinapezeke, ndipo tinabwerera kwathu. Mipando ndi wailesi ya kanema zinagulitsidwa. Bokosi la sitima linali lalikulu, linatsala. Tinjerwa tinatithira m'chitini cha mabisiketi. Ku Lilongwe tinafikira kwa amalume ku Area 25, nyumba yodzaza ana. Asuweni anga anakonda tinjerwato, koma Kaputeni Mano sankamudziwa. Ndinayesa kuwafotokozera za ng'ona yosadya anthu, iwo n'kumandiyang'ana ngati ndikuwanamiza, ndipo wina anati ku Kenya ndaphunzirako bodza. Kwa iwo zinali njerwa basi, zomangira nyumba, mabasi ndi mfuti. Palibe amene anaba kapena kuswa. Zinangotha mmene zimathera zinthu m'nyumba ya ana ambiri: kena kasesedwa, kena kagwera m'ngalande, kena kapita m'thumba la mwana wa aneba. Kanjerwa kakuda kokhota kaja ndinakaona komaliza katachirikiza mwendo wa tebulo la azakhali. Chitini chinabwerera ku ntchito yosunga ulusi ndi mabatani.

Bambo anadzapeza ntchito ina, ya maulendonso, cha kumalire a Mozambique. Anamwalira ine ndili ku koleji.

Lero ndili ku Nairobi kachiwiri, ndipo amene anandibweretsa si wina koma ntchito ya mtundu womwewo. Ndimakhala ku Kilimani, m'nyumba zosanjikizana, momwe ukasuzumira pawindo umaona windo la mnzako ndi mdipiti wa magalimoto a pa Ngong Road. Ndili ndi mkazi, ndi mwana mmodzi, Mayamiko, wa msinkhu womwe ndinali nawo nthawi ija. Ndinapitako ku South C kamodzi kukafuna nyumba yathu. Ndinapeza chinyumba chachitali cha magalasi, ndipo mlonda wa pageti anandifunsa mwaulemu ngati ndasochera. Ndinamuyankha kuti inde.

Mwezi wathawu, ndili pabwalo la ndege kudikira ulendo wochedwa, ndinayamba kuifunafuna sitima ija pafoni. Ndinaipeza. Anasiya kuipanga kalekale, ndipo amene amaigulitsana tsopano ndi akuluakulu a imvi ngati ine, osati ana. Chinandidabwitsa choyamba ndi kuchepa kwake. M'mutu mwanga inkadzaza tebulo. Pachithunzipo munthu anainyamula pachikhatho chimodzi ndi theka. Chachiwiri n'chakuti yomwe amailimbirana kwambiri, yodula koposa, ndi imene bokosi lake silinatsegulidwepo. Pali anthu amene amagula zoterezi n'kuziika pashelefu zili chimatire, osamva n'komwe kulira kwa kanjerwa kakalowa pamalo pake. Ndinayang'ana chithunzicho mpaka anatiitana kukakwera. Sindinagule. Sindinadziwe kuti ndikaigula ndikaitani.

Nditabwerako ndinapeza katuni ija pa intaneti n'kumuitana Mayamiko kuti tionere. Anakhala nane mwaulemu, ndi mwana womvera. Patapita kanthawi anandifunsa chifukwa chake zithunzi zake zili mbuu, ndiponso ngati pali poti n'kuifulumizitsa. Iye tinjerwa totere ali nato, tambiri kuposa tomwe ndinali nato ine, tili m'beseni pansi pa bedi. Koma amakonda kuonera pafoni anthu ena akumanga, manja okhaokha opanda nkhope, nyumba yonse kutha m'kanthawi kochepa. Sindimudzudzula. Ndinamulola apite, ine n'kupitiriza kuionera ndekha. Kunena zoona, ng'ona ija imalankhula kwambiri, ndipo nthabwala ya mbuzi siseketsa kawiri. Ndinagona pampando isanathe bwino.

Lamulungu lapitali ndinaimbira amayi ku Lilongwe. Akalamba tsopano, amamva movutikira, ndipo foni amaigwira ngati ikuwathawa. Nditawafunsa ngati akuikumbukira sitima ya Kaputeni Mano, anaseka mpaka kutsokomola.

"Chinthu chija? Chinkandipweteka zala, iwe. Zikhadabo zanga zonse zinathera pamenepo."

"Ndiye munkamangiranji, amayi? Ine ndinkayesa mumaikonda."

"Kukonda? Kaya. Tsiku linali lalitali, Limbani. Kuchapa sikutha, kuphika sikutha, kudikira sikutha. Chija chokha ndi chomwe ndinkati ndikachiyamba, n'kufika poti chatha, ndachimaliza ine." Kenako anandifunsa kuti, "Nanga iwe wayamba kukumbukira zidole bwanji? Ukudwala?"

"Ayi, ndangotopa."

"Ulendo wina ndi liti?"

"Lachiwiri. Ndimaganiza zomugulira Mayamiko kenakake pobwera."

Kumbali kwawo kunamveka nkhuku, ndi wailesi ya aneba. Ndinayesa foni yaduka.

"Usamugulire kanthu," anatero amayi. "Ungomuuza tsiku lobwera. Ndiye ubwere tsiku lomwelo."